KUSINTHA TAYALA LA NJINGA YA MOTO PAKHOMO PANU

Nkhani iyi inakambidwa kwa eni njinga za moto ku Chinyonga, mu mzinda wa Blantyre. Taisindikiza muno kuti a ku midzi aiwerenge naonso. Aphunzitsi angathe kuiwerengera anyamata amene sadziwa kuwerenga bwino.

 Lero tikambirana za chinthu chimodzi chokha, ndicho tayala la njinga ya moto, ndi m'mene mwini njinga angalisinthire yekha pakhomo pache.

Kale njinga ya moto inali ya anthu owerengeka. Tinkaiona ndi alangizi a zaulimi, alangizi a zaumoyo, ansembe ndi oyendera masukulu, ndipo zambiri zinali za Yamaha kapena za Honda. Masiku ano iri pali ponse. Mukaima pa mseu wa Masauko Chipembere m'mawa mudzaona Lifo, SanLG ndi Boxer zirikupita ku Limbe ndi ku Blantyre, zina zitanyamula anthu, zina matumba a makala, zina mabokosi a buledi. Ku midzi ndiye zakhala ngati miyendo ya anthu. Wodwala apita nayo ku chipatala, mphunzitsi apita nayo ku boma, mlimi atengera nayo feteleza. Koma mwa anthu onsewa, ndi angati amene adziwa kuchotsa tayala pa rimu ndi kulibwezerapo? Ambiri likaphwa tayala angoima pambali pa mseu nagwira m'chiuno.

Sindinena kuti anthu omata matayala ndi oipa ai. Iwo alikudya thukuta lao, ndipo ambiri aidziwa nchito yao bwino lomwe. Ndarama imene alipiritsa pa kumata chubu kamodzi si yaikulu. Koma taganizani. Inu a kuno ku Chinyonga muli ndi mwai, chifukwa Limbe ali pafupi, ndipo ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa omata matayala ali pa mphambano iri yonse. Nanga mphunzitsi wa ku Neno kapena wa ku Phalombe, amene sukulu yache iri kutali ndi sitolo? Iye likamphwera tayala madzulo, akankha njinga makilomita ambiri, kapena aisiya kwa eni mudzi nagona ndi nkhawa. Ndipo wa kabaza akaima theka la tsiku, mwini njinga safuna kumva za msomali. Afuna ndarama yache madzulo monga mwa pangano.

Choipa kwambiri ndi ichi: munthu wosadziwa kusintha tayala amayesedwa kukwera njinga tayala liri lakuphwa, namati ndikafike kwa omata. Pofika kumeneko valavu yazuka pa chubu, tayala lasweka m'mbali, ndipo kapena rimu yapindika. Kabowo ka msomali kamene kakanatha ndi chigamba chimodzi kamdyera chubu, tayala ndi rimu pamodzi. Zinthu zimenezi zichokera kunja, ku India, ku China ndi maiko ena. Mitengo ya raba tiri nayo ndithu ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, koma tayala limene mugula ku Limbe laoloka nyanja, ndipo ligulidwa ndi ndarama zakunja. Mukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Kuyambira pamenepo ali yense wa inu adziwa m'mene mtengo wa tayala unalumphira.

Ena aganiza kuti nchito iyi ndi ya amakanika okha. Iai. Munthu amene anatchukitsa tayala lopopa sanali makanika konse. Anali dokotala wa ziweto, dzina lache John Boyd Dunlop, wa ku Scotland, kwao kwa amishoni aja amene anayamba Blantyre mu 1876. Iye mu 1888, ali ku Belfast, anapangira mwana wache matayala a mpweya pa kanjinga ka mawilo atatu. Koma matayala oyambawo anali omatirira pa wilo, ndipo kukonza limodzi kunali kutaya maola ambiri. Tsono mu 1891 abale awiri a ku France, a Michelin, anapanga tayala lotheka kuchotsa ndi kubwezera. Cholinga chao chinali chakuti wokwera azikonza yekha pa njira. Ali yense wa inu amene anamatapo chubu cha njinga ya kapalasa wadziwa kale theka la nchito. Tayala la njinga ya moto ndi lolimba koposa, ndipo pali buleki ndi tcheni zofuna kusamala, koma nzeru yache ndi yomweyo.

Musanagule tayala, werengani zimene zalembedwa m'mbali mwa lakale. Mudzapeza manambala onga 2.75-17 kapena 3.00-18. Nambala yoyamba inena kufufuma kwa tayala m'mainchi, yachiwiri inena kukula kwa rimu, m'mainchinso. Tayala la 17 silingalowe pa rimu ya 18 ngakhale mulimbane nalo tsiku lonse, ndipo la 18 pa rimu ya 17 lidzangokhwepa. Matayala ena alembedwa mwa njira yina, monga 100/90-17. Pamenepo 100 ndi mamilimita a kufufuma, 90 atanthauza kuti msinkhu wa mbali yache ndi 90 pa 100 wa kufufumako, ndipo 17 ndi rimu yomwe ija. Chubu nachonso chiri ndi manambala ache, ndipo ayenera kugwirizana ndi a tayala. Chubu chachikulu chipindika m'kati ndi kudzidya chokha; chaching'ono chitamuka kufikira chipyapyala. Mudzaonanso 4PR kapena 6PR. La 6PR ndi lolimba koposa, ndipo inu onyamula katundu ndi anthu muyenera kuika lotere kumbuyo. Pa matayala ambiri palinso manambala anai m'kabokosi, onena nthawi imene tayala linapangidwa. Mukaona 2423, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 24 ya chaka cha 2023. Raba ikalamba ngakhale isanayende pa mseu, chotero tayala limene lagona m'sitolo zaka zisanu kapena kuposa musaliyese latsopano. Wogulitsa akakwiya poona inu mulikuwerenga, pitani sitolo yina.

Zida zofunika si zambiri. Mufuna zitsulo ziwiri kapena zitatu zochotsera tayala, zija zaphwatalala ndi zosalala kunsonga, masipanala okwana manati a njinga yanu, kachitsulo kopanira kozulira mapini, kotsegulira valavu, mpope, geji yoyesera mpweya, zigamba ndi mankhwala ache omatira, kachidutswa ka sandipepa, madzi a sopo, beseni ndi thumba loyala pansi. Pa zitsulo zochotsera tayala ndiima pang'ono. Ndaona anthu alikusolola tayala ndi sikuludiraiva, ena ndi mpeni, ena ndi chitsulo cha pa zenera. Nsonga yakuthwa ndiyo iboola chubu chatsopano chisanayende ndi mita imodzi yomwe. Ngati simupeza zogula, msuzi wa pa msika wa Ndirande kapena wa kwanu komweko angakusulireni, koma mumuuze kuti apale nsonga zache zisalale ngati msana wa supuni. Anyamata a pa siteji imodzi angasonkhe ndarama nagula zida zimenezi pamodzi, nazisunga kwa mmodzi wokhulupirika.

Tiyambe ndi wilo la kumbuyo, pakuti ndilo livuta, ndiponso ndilo liphwa kawiri kawiri chifukwa lisenza katundu. Sankhani malo osalala ndi ouma, opanda mchenga. Imikani njinga pa sitandi ya pakati. Ngati njinga yanu iribe sitandi yotere, ikani chipika cholimba pansi pa injini, ndipo mnzanu agwire mahandulo. Injini ikhale yozima ndi yozizira, kuti paipi ya utsi ingakuotcheni. Tsono musanamasule kanthu, yang'anitsitsani m'mene zinthu zakhalira. Muli ndi mafoni ojambula. Jambulani mbali zonse ziwiri za wilo. Chithunzi chimenecho chidzakuthandizani pobwezera.

Masulani nati ya pa kachitsulo kautali kochokera ku phazi la buleki. Masulaninso chitsulo china chija chimene chigwira mbale ya buleki kuti isazungulire pamodzi ndi wilo. Chitsulo chimenechi muchikumbukire bwino, tidzabwerakonso. Kenaka zulani kapini ka pa nati yaikulu ya ekiselo, masulani natiyo, fewetsani zokokera tcheni za mbali zonse ziwiri, kankhirani wilo kutsogolo ndi kuchotsa tcheni pa sipuloketi. Pa njinga zina sipuloketi itsala pa njinga pomwepo ndipo tcheni simuikhudza konse. Sololani ekiselo. Ikakana, igogodeni ndi mtengo, osati ndi nyundo pa mazinga ache. Potuluka ekiselo padzagwa timphete ta chitsulo tokhala pakati pa wilo ndi mafoloko. Timeneti tiyaleni pa nsaru monga m'mene tinakhalira, ka kumanja kumanja, ka kumanzere kumanzere. Anthu ambiri asokonezeka pa timphete tomweti, ndipo mwana akatola kamodzi kukaseweretsa, njinga yanu siyenda tsiku limenelo. Chotsani mbale ya buleki muiike pa malo oyera, ndipo manja a girizi asakhudze m'kati mwache.

Gonekani wilo pa thumba kapena pa tayala lakale. Tulutsani kamtima ka valavu kuti mpweya wonse uthe, muchotsenso kanati ka pa valavu. Pondani m'mbali mwa tayala ndi zidendene kuzungulira konse, mbali zonse ziwiri, kufikira mlomo wa tayala utalekana ndi rimu.

Apa ndipo pali chinsinsi cha nchito yonse, ndipo ndifuna mumvetsetse. M'mlomo wa tayala muli waya wa chitsulo. Waya ameneyu satamuka. Chotero simungathe kutulutsa tayala ndi mphamvu chabe. Mukakakamiza, mudzadula wayayo kapena kupinda rimu. Koma tayang'anani rimu: pakati pache pali ngalande yozungulira, pamene pali mitu ya masipoko. M'ngalandemo rimu ndi yochepa. Mukatsitsira mlomo wa tayala m'ngalande ku mbali imodzi, mbali inayo ipeza mpata wokwera pamwamba pa rimu. Tsono gwadirani tayala ndi maondo anu ku mbali yopenyana ndi valavu, kuti mlomo ulowe m'ngalande. Pakani madzi a sopo. Lowetsani chitsulo choyamba pafupi ndi valavu, pang'ono pokha kuti chigwire mlomo wa tayala osagwira chubu, ndipo pendeketsani. Chachiwiri chilowe pafupi pomwepo, kutalika kwa zala zinai, osati kutali. Muzidya pang'ono pang'ono chomwecho. Mukamva kuti tayala lauma ndipo chitsulo chifuna mphamvu yambiri, lekani. Ndiye kuti mlomo watuluka m'ngalande ku maondo kwanu. Ubwezereni ndi kuyambanso. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu wodziwa nchito iyi satuluka thukuta lambiri.

Mbali imodzi ikatuluka yonse, kankhirani valavu m'kati ndi kusolola chubu. Ngati mufuna kumata chabe, tayala lisatuluke lonse. Ngati mulikuika latsopano, imikani wilo, lowetsani chitsulo kuchokera kumbuyo kwa mlomo wachiwiri, pendeketsani ndi kukankha tayala ndi dzanja kapena bondo, ndipo lidzavuka.

Musafulumire kuika chubu china musanadziwe chimene chinaboola choyamba. Popani chubu pang'ono, muchimize m'beseni la madzi, ndipo pamene patuluka thovu ndi pomwepo. Ikani chizindikiro, ndipo pitirizani kuzungulira chubu chonse chifukwa mabowo angakhale awiri. Malo a bowo akuuzani nkhani. Likakhala kunja, kumbali ya mseu, funani msomali, waya kapena munga m'tayala. Pisani m'kati mwa tayala ndi kansaru, osati ndi chala chokha, pakuti kawaya kobisika kacheka. Likakhala m'kati, kumbali ya rimu, ndiye kuti mutu wa sipoko ulikulasa, kapena lamba wa raba wophimba mitu ya masipoko waduka. Lamba ameneyu akaduka mungadule wina ku chubu chakale, koma musasiye rimu yamariseche. Mukapeza timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka, ndiye kuti munagunda dzenje kapena mwala tayala liri ndi mpweya wochepa, ndipo rimu inatsina chubu. Dzimbiri la m'rimu lipaleni ndi sandipepa.

Kumata kwache ndi kumene muchita pa njinga ya kapalasa. Pukutani chubu chiume, palani pozungulira bowo malo okulirapo kuposa chigamba, pakani mankhwala mopyapyala, ndipo dikirani kufikira aleke kunyezimira. Ambiri alephera pa kudikira pomwepa. Aika chigamba mankhwala akali amadzi, ndipo chimatuka tayala likatentha pa mseu. Chikakhala pamalo pache, chitsindikeni kolimba ndi msana wa sipanala kuyambira pakati kunka m'mbali. Koma chubu chimene chang'ambika motalika, kapena chazuka pa valavu, kapena chiri kale ndi zigamba zambiri, chitayeni. Njinga ya moto ithamanga ndipo itenthetsa tayala kuposa ya kapalasa. Ku wilo la kutsogolo ine ndikonda chubu chopanda chigamba ndi chimodzi chomwe, chifukwa tayala la kutsogolo likaphwa mwadzidzidzi njinga siwongoleka.

Poika tayala, funani muvi wolembedwa m'mbali mwache. Muviwo uloze kumene wilo lizungulira njinga ikamapita kutsogolo. Mukaona kadontho kachikasu, kakhale pa valavu. Pakani sopo pa mlomo woyamba ndi kuukankhira pa rimu. Mbali yaikulu ilowa ndi manja, yotsalayo ndi chitsulo. Gwiritsani nchito madzi a sopo okha. Oilo, girizi, petulo ndi parafini zidya raba, ndiponso zichititsa tayala kuterereka pa rimu pogwira buleki. Popani chubu pang'ono pokha kuti chitenge maonekedwe ache, chifukwa chubu chopanda mpweya konse chipindika ndipo chitsinidwa msanga. Mukachiwaza paudala wa ana chikhala bwino m'kati. Lowetsani valavu pa bowo lache poyamba, mangani kanati kawiri kapena katatu kuti isathawe, ndipo longani chubu chonse m'tayala chosapotoka. Mlomo wachiwiri muuyambe ku mbali yopenyana ndi valavu ndi kutsirizira pa valavu, maondo anu ali chigwirire mlomo m'ngalande monga poyamba paja. Chitsulo chisapendeke kupyola pamene chaima chiriri, pakuti chikapyola pamenepo nsonga yache itsina chubu. Musanatsirize kankhirani valavu m'kati pang'ono, kuti tsinde lache lisapanidwe ndi mlomo wa tayala.

Popani tsopano. M'mbali mwa tayala, pafupi ndi rimu, muli kamzere kozungulira. Kamzere kameneka kaoneke mofanana kuzungulira konse, mbali zonse ziwiri. Kakabisika pena, tulutsani mpweya, pakani sopo, pondani ndi kupopanso. Ikani malovu pa kamwa la valavu muone ngati patuluka thovu, ndipo bwezerani kachivundikiro kache kuti fumbi lisalowe.

Kubwezera wilo ndiyo nchito imene iri ndi moyo wa munthu m'kati. Bwezerani mbale ya buleki, timphete tija m'malo mwache, tcheni pa sipuloketi, ndi ekiselo mutaipaka girizi pang'ono. Kokani tcheni mofanana mbali zonse ziwiri, poyang'ana timizere tolembedwa pa mafoloko, kuti wilo lisayang'ane kumbali. Tcheni isakhale yokungika ngati ng'oma. Pa njinga zambiri iyenera kusewera masentimita awiri kapena atatu pakati pache mukaikankha ndi chala. Mangani nati yaikulu kolimba ndipo ikani kapini katsopano. Msomali wopinda si pini ai. Tsono chitsulo chija ndinati muchikumbukire, chogwira mbale ya buleki, chimangeni ndi kuikanso kapini kache. Mukachiiwala njinga idzayenda bwino lomwe, ndipo simudzadziwa kanthu kufikira mutaponda buleki. Pamenepo mbale idzazungulira ndi wilo, kachitsulo ka buleki kadzakulungika, ndipo wilo lingamange kapena buleki ingasowe konse. Taganizani zimenezi zikuchitikirani pa mtsetse wa ku Bangwe, kapena potsika phiri kunka ku Chikwawa, mutanyamula mai ndi mwana kumbuyo. Chotero mukatha, gwirani nati iri yonse ndi sipanala kachiwiri, mmodzi mmodzi, ngakhale mukhulupirira kuti munamanga. Zungulizani wilo ndi dzanja, pondani buleki muone kuti igwira ndi kuleka, ndipo yesani njinga nokha pang'ono pang'ono pa bwalo musananyamule munthu.

Wilo la kutsogolo ndi lapafupi popeza liribe tcheni. Samalani chingwe cha buleki ndi cha sipidomita. Ngati buleki yache iri ya disiki, musakoke chogwirira buleki wilo liri kunja, chifukwa mapadi adzatsekana ndipo disiki sidzalowa.

Njinga zina zatsopano, za mawilo opanda masipoko, ziri ndi matayala opanda chubu. Msomali ukalowa pa mano a tayala lotere mungatseke bowo ndi kachingwe ka raba kogulitsidwa pa nchito imeneyo, osachotsa wilo, ndipo mudzafika kwanu. Koma kuchotsa tayala lotere ndi kuika lina ndi nchito imene ine ndikuuzani kuti mupite nayo kwa amakanika. Mlomo wache ugwira rimu kolimba kwambiri, ndipo kuti ukhalenso pamalo pache pafunika mpweya wambiri wolowa nthawi imodzi, umene mpope wa dzanja supereka. Ena athira petulo m'tayala ndi kuyatsa moto kuti liphulikire pa rimu. Musayese zimenezo. Pitaninso kwa amakanika ngati rimu yapindika, masipoko athyoka, kapena wilo ligwedera pa ekiselo mukaligwedeza ndi manja. Funsani, pakuti safunsa anadya phula.

Za mpweya ndinene pang'ono, chifukwa matayala ambiri afa ndi mpweya wochepa, si misomali ai. Kuponda tayala ndi phazi kapena kulitsina ndi chala sikukuuzani zoona. Yesani ndi geji m'mawa njinga isanayende, kamodzi pa sabata. Pa njinga zazing'ono zimene tiri nazo, kutsogolo kufuna mapaundi 25 kapena pafupi pamenepo, kumbuyo 28 muli nokha ndi 32 mutanyamula munthu, koma nambala yeni yeni ya njinga yanu iri m'buku lache kapena pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni, ndipo imeneyo ndiyo muitsate. Muziyang'ananso valavu. Ikayamba kupendeka, ndiye kuti tayala lirikutsetsereka pa rimu ndi kukoka chubu, ndipo posachedwa valavu idzazuka. Chifukwa chache kanati ka pa valavu musakamange kolimba pa rimu. Kakamangika, valavu singapendeke kukuchenjezani, ingozuka basi. A bungwe la Riders for Health, amene anyamula magazi okayesedwa kuchokera ku zipatala za ku midzi, anatchuka ndi mwambo wophunzitsa wokwera ali yense kuyendera njinga yache m'mawa muli monse asananyamuke: mafuta, oilo, tcheni, manati, mabuleki ndi matayala. Sizitenga nthawi yoposa ya kumwa tiyi.

Kudziwa kusintha tayala kuli ndi msampha wache. Munthu akadziwa kumata, afuna kumata kosalekeza, ndipo tayala limene linayenera kutayidwa kale aliyendetsabe. Pakati pa mano a tayala pali timapiri tating'ono, ndipo malo ache asonyezedwa m'mbali ndi kamuvi kapena malemba akuti TWI. Mano akatha kufikira alingana ndi timapiri timeneti, tayala latha. Mizere ya pa tayala si yokometsera. Nchito yache ndi kuchotsa madzi pansi pa tayala kuti raba igwire mseu. Tayala losalala liyenda bwino mu October, koma mvula yoyamba ya November ikagwa pa tara wa fumbi ndi oilo, njinga ichoka pansi panu osakuuzani. Tayala lotupa pambali, long'aluka, kapena looneka ulusi, musaliike chigamba m'kati kapena kulisoka ndi waya monga achita ena. Amene afikako ku chipatala cha Queen Elizabeth, ku chipinda cha othyoka mafupa, adziwa kuti ambiri ogona kumeneko anagwa pa njinga za moto, ndipo ena a iwo anali okwera chabe amene analipira ndarama yao kuti akafike bwino. Mwendo wothyoka ugoneka munthu miyezi, ndipo pa miyezi yonseyo ana afuna kudya. Tayala latsopano nalonso literera masiku oyamba, chotero makilomita 100 oyamba muyende mofatsa, maka maka pokhota. Chisoti chikhale pamutu, chanu ndi cha wokwera, monga lamulo linena.

Tayala lakale musalitenthe, utsi wache ndi woipa m'chifuwa. Musalisiyenso pa bwalo nthawi ya dzinja, chifukwa lisunga madzi ndipo udzudzu uswana m'menemo. Lipatseni kwa osoka nkhwaira, kapena liduleni likhale modyera nkhuku. Chubu chakale mudziwa kale nchito yache: malegeni omangira katundu, ndi lamba wa pa rimu uja.

Musadikire kuti tayala likuphwereni pa njira usiku ndi kuyamba kuphunzira pamenepo. Sankhani tsiku limene mulibe ulendo, itanani mnzanu amene anachitapo, ndipo muchotse wilo ndi kulibwezera pakhomo panu dzuwa likali m'mwamba. Ulendo woyamba mudzatha maola awiri kapena kuposa, ndipo mwina mudzatsina chubu. Chifukwa chache yambani ndi chubu chakale. Ulendo wachitatu simudzafika ola limodzi. Inu aphunzitsi amene muli ndi njinga, itanani ana a Sitandade 8 adzaonerere pamene mulikuchita, anyamata ndi atsikana omwe. Amene aonetsa luso muwauze kuti a TEVETA ali ndi maphunziro a umakanika wa njinga za moto m'makoleji ena a m'madera, ndipo akafunse ku ofesi ya boma lao. Pa ulendo wautali, m'kathumba ka pansi pa mpando mukhale zitsulo ziwiri zochotsera tayala, masipanala a ekiselo, chubu chimodzi chabwino chokulunga m'nsaru kuti zitsulo zisachiboole, zigamba, kachidutswa ka sopo, mapini awiri atsopano ndi tochi. Mpope muumangirire ku keriyala ndi malegeni.

Tsopano tituluke panja. Pali njinga ziwiri, ndipo ndifuna anthu awiri amene sanachotsepo wilo chibadwire kuti ayambe ndiwo.